MAI AMENE ANAYAMBA NCHITO PA TEBULO LA M'KHICHINI

Nkhani ya lero ndi ya mai wina wa ku Wales, dziko la mapiri ndi nkhosa limene liri kumadzulo kwa Mangalande. Dzina lace anali Laura Ashley. Mai ameneyu, pamodzi ndi mwamuna wace ndi ana ao anai, anamanga nchito yopanga zobvala ndi nsaru zokometsera nyumba: makatani a pa mazenera, nsaru zoyala pa kama, zobveka mitsamiro, ndi mapepala a maluwa omata pa zipupa. Ndi zinthu zimenezi amai ambiri a ku Ulaya ndi ku Amereka anakometsa zipinda zogona ana ao. Nchitoyo inayamba ndi mapaundi 10 okha, inakula kufikira kulemba anthu 4,000, ndipo potsiriza inacoka m'manja mwa banja limene linaiyamba. Banja liri lonse limene liganiza zoyamba kanchito kao licita bwino kumva m'mene zinayendera.

Laura anabadwa pa 7 September 1925 m'nyumba ya agogo ace ku Dowlais, pafupi ndi Merthyr Tydfil. Dowlais unali mzinda wa ng'anjo za citsulo ndi migodi ya malasha, kumene amuna anali kupita ku nchito mwa masinthano, akazi natsala kunyumba kusamala ana ndi kuyang'anira kuti malipiro afike kumapeto a sabata. Atate wace anali kugwira nchito ya Boma, ndipo mwanayo anakulira pafupi ndi London, koma kawirikawiri anali kubwerera kwa agogo ace ku Wales. Kumeneko anaona m'mene akazi a m'dziko lija anali kusungira kacidutswa kali konse ka nsaru yakale, ndi kulumikiza tizidutswato kuti tikhale cofunda cacikuru ca pa kama. M'nyumba zimenezo kutaya nsaru kunali cinthu ca manyazi.

Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse Laura analowa gulu la akazi othandiza asilikali a pa nyanja. Nkhondo itatha anagwira nchito ya ukalaliki ku likulu la Women's Institute, ndiwo msonkhano waukuru wa magulu a amai a m'midzi ya ku Britain. M'caka ca 1949 anakwatiwa ndi Bernard Ashley, mnyamata wokonda makina amene anali kugwira nchito mu ofesi ku London. Tsiku lina amai a gulu lija anaonetsa nchito za manja ao m'nyumba yosungira zakale yochedwa Victoria and Albert Museum. Laura ataona zofunda zolumikiza zimene zinali kumeneko anakumbukira agogo ace, nafuna kusoka cace. Koma pamene anayendayenda m'masitolo kufuna nsaru za maluwa ang'ono-ang'ono zoyenera nchitoyo, sanazipeze. Wina akadangodandaula ndi kubwerera kunyumba. Iye anaganiza kuti ngati nsaruzo palibe, ndiye kuti ayenera kuzidinda yekha.

M'caka ca 1953, ali ndi pakati pa mwana wao woyamba, Mai Ashley ndi mwamuna wace anatenga mapaundi 10 nagula matabwa, utoto ndi mayadi owerengeka a nsaru. Anali kukhala m'kanyumba kang'ono kobwereka ku Pimlico, m'kati mwa London, ndipo malo odindirapo nsaru anali tebulo la m'khichini. Kadindidwe kace nkotere. Munthu akhoma matabwa anai kuti akhale ngati cimango ca zenera, nakunga pamenepo nsaru yopyapyala kwambiri yonga sefa. Pa nsaru imeneyo atseka malo onse ndi mankhwala, nasiya potseguka pokhapo pamene pali cithunzi ca duwa kapena tsamba. Tsono aika cimangoco pamwamba pa nsaru yoyera, nathira utoto, naukoka ndi thabwa la mphira kucokera mbali yina kufikira yinzace. Utoto udutsa pamalo potseguka pokha, ndipo duwa lioneka pa nsaru. Mtundu uli wonse wa utoto ufuna cimango cace, ndipo potsiriza nsaru iyenera kutenthedwa kuti utoto ugwire, usacoke pocapa. Ndi nchito yofuna kudekha, pakuti dzanja likanjenjemera pang'ono nsaru yonse yaonongeka.

Zoyamba kupanga zinali zinthu zazing'ono: maduku, timphasa ta nsaru toika pansi pa mbale, ndi nsaru zopukutira mbale. Pa zaka zimenezo atsikana a ku Ulaya anali kukonda kumanga maduku ang'ono monga acitira a ku Italy, motero maduku a Mai Ashley anapeza msika. Masitolo akuru a ku London, monga John Lewis, anayamba kuitanitsa katundu wace. Pamene maoda anacuruka, Bambo Ashley anasiya nchito yace ya mu ofesi, ndipo m'caka ca 1954 analembetsa kampani yao. Anagawana nchito momveka bwino. Mkazi ndiye anali kusankha zithunzi ndi mitundu ya utoto, mwamuna ndiye anali kupanga makina odindira ndi kuyang'anira malonda. Phindu limene anapeza sanalidye, koma analibwezera m'nchito kuti agule nsaru ndi makina ena. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la banja ili linasenzedwa ndi mitu iwiri.

M'caka ca 1955 anasamukira ku Kent, kunja kwa London, kumene anapeza malo okulirapo. Kumeneko ndi kumene tsoka linawapeza. M'caka ca 1958 mtsinje wa Darent unasefukira, madzi nalowa m'nyumba yao ya nchito kufikira mapazi atatu kuya kwace. Nsaru, utoto ndi zipangizo zinali kuyandama pa madzi. Banja limene linaika cuma cace conse m'nyumba imodzi linaona nchito ya zaka zisanu iri pafupi kutha m'masiku owerengeka, ndipo ana ang'ono anali kuyembekeza cakudya monga mwa masiku onse. Iwo anakokolola matope, nakonza makina, nayambanso. Pofika caka ca 1960 malonda ao anakwana mapaundi 8,000 pa caka.

Pa nthawi yomweyo Mai Ashley anatsimikiza mtima kubwerera ku dziko la makolo ace. Anatenga ana ace napita ku Wales, natsegula kasitolo m'tauni ya Machynlleth, banja lonse likugona m'zipinda za pamwamba pa sitoloyo. Pambuyo pace anaika makina ao ku Carno, mudzi wa alimi a nkhosa kumene nchito za malipiro zinali zosowa ndipo anyamata ndi atsikana anali kucoka kukafuna nchito ku mizinda. Poyamba anagwiritsa nchito holo yakale ya pamudzi, ndipo m'caka ca 1967 anasamukira pa malo a siteshoni ya njanji imene inali itatsekedwa. Akazi ndi ana a alimi anaphunzira kudula ndi kusoka, ndipo amai ena amene sakadatha kusiya makanda anali kusokera kunyumba kwao. Popeza iye mwini anali mai, Mai Ashley anadziwa kuti mkazi wa pa nchito ali ndi nchito yina yomdikira kunyumba. Cifukwa cace pa Cisanu anchito anali kuweruka masana, kuti akhale ndi nthawi ya mabanja ao.

Kuyambira 1966 anayamba kusoka madiresi, ndipo m'caka ca 1968 anatsegula ku South Kensington, mu London, sitolo yoyamba yochedwa ndi dzina la Laura Ashley. Madiresi atali a thonje, a maluwa ang'ono, anagulidwa kwambiri, kotero kuti sitolo yao yina ya ku Fulham Road inagulitsa madiresi 4,000 m'sabata imodzi. M'caka ca 1974 anatsegula masitolo ku Paris ndi ku San Francisco, ndipo nsaru za m'nyumba ndi mapepala a pa zipupa zinayamba kukhala mbali yaikuru ya malonda ao.

Kodi anthu anazikonderanji nsaru zimenezi? Mai Ashley sanali kuthamangira zatsopano. Anali kufunafuna zithunzi m'mabuku akale ndi pa nsaru za nthawi ya Mfumukazi Victoria, nazicepetsa, nazipatsa mitundu yofatsa. Mai wofuna kukonza cipinda ca mwana wace anatha kugula m'sitolo imodzi katani, nsaru ya pa kama, cobveka mtsamiro ndi pepala la pa cipupa, zonse zogwirizana maluwa ndi mtundu, ndipo mwanayo anatha kubvala diresi la nsaru yofanana nazo. Amene analibe ndalama zambiri anali kugula nsaru ya pa yadi ndi kukasoka okha. Munthu wokhala m'mzinda wa utsi ndi phokoso anali kuona ngati waika mwana wace m'nyumba ya agogo kumudzi. Ici ndico Mai Ashley anali kugulitsa, ndipo anacidziwa bwino popeza anacitenga ku ubwana wace.

Ana atakula analowa nao m'nchito. Mwana wamkazi woyamba anali kujambula zithunzi za katundu zoonetsa ogula, wamwamuna wina anali kukonza maonekedwe a masitolo, ndipo wina anathandiza kulinganiza zobvala ndi nsaru. Pofika 1975 kampani inali ndi anchito 1,000 ndi malonda a mapaundi 5,000,000 pa caka. Caka comweco Boma linafuna kupatsa Mai Ashley ulemu wa O.B.E., koma iye anakana, cifukwa mwamuna wace, amene anasenza naye nchito kuyambira pa tebulo lija, sanapatsidwe ulemu uli wonse.

M'mwezi wa September 1985, atangokwanitsa zaka 60, Mai Ashley anagwa pa makwerero m'nyumba ya mwana wace, nabvulala m'mutu. Anamwalira m'cipatala ku Coventry pa 17 September, naikidwa ku Carno pakati pa anthu amene anagwira nao nchito. Pa nthawi imeneyo masitolo a dzina lace anali oposa 200 m'maiko ambiri. Patapita miyezi iwiri magawo a kampani anagulitsidwa pa msika wa magawo ku London, monga zinakonzedwa iye asanamwalire, ndipo ofuna kugula anali ocuruka kwambiri kuposa magawo amene analipo. Banja linapeza cuma cambiri, koma kuyambira tsiku limenelo nchito inali ndi eni ace ena, amene cidwi cao cinali pa phindu la caka ndi caka.

Zaka zotsatira zinali zobvuta. Akazi ambiri analowa nchito za m'maofesi nayamba kufuna zobvala za mtundu wina, ndipo diso limene linali kudziwa cosankha ndi cokana panalibenso. Masitolo anali atacuruka msanga, makamaka ku Amereka, ndipo kusoka ku Britain kunali kodula kuposa ku maiko a kum'mawa. Oyang'anira anali kusinthana kawirikawiri, mafakitale natsekedwa limodzi ndi limodzi. M'caka ca 1998 kampani ya ku Malaysia inagula gawo lalikuru, ndipo ulamuliro unacoka ku banja. Fakitale ya ku Carno inatsekedwa m'caka ca 2005. Bambo Ashley anamwalira m'caka ca 2009. M'mwezi wa March 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, kampani inalephera kulipira ngongole zace, ndipo dzina la Laura Ashley linagulidwa ndi anthu ena amalonda.

M'mizinda ya migodi monga Kitwe, Mufulira ndi Chingola, ndi m'makomboni a ku Lusaka, muli amai ambiri amene ali ndi makina osokera pakona ya nyumba, amene asoka makatani, zofunda za makanda ndi nsaru za pa kama kuti athandize malipiro a mwamuna, kapena kuti alere ana okha. Si onse amene adzakhala ndi masitolo 200, ndipo sikufunika kutero. Koma njira imene Mai Ashley anayenda iri yotseguka kwa iwo. Iye anayamba ndi cinthu cimene anacisowa yekha m'masitolo, pozindikira kuti cimene mai mmodzi asowa, anzace ambiri acisowanso. Sanayembekeze kuti apeze nyumba yaikuru kapena makina odula. Anasiyanitsa ndalama za nchito ndi ndalama za ndiwo, ndipo m'zaka zoyamba anakana kudya mbeu. Mwamuna wace sanacite nsanje poona dzina la mkazi pa khomo la sitolo, koma anaika luso lace pamene linali kufunika.

Palinso cenjezo. Nchito imene idalira diso ndi mtima wa munthu mmodzi iri ngati nyumba ya mzati umodzi. Mai wanzeru aphunzitsa ana ace ndi anchito ace kusoka, koma awaphunzitsanso kusankha nsaru, kuwerengera mtengo, kulemba za ndalama m'buku, ndi kukana ngongole imene sangathe kubweza. Ndipo asanaitane anthu akunja kuti aike ndalama zao m'nchito ya banja, ayenera kukumbukira kuti walira mvula walira matope: wobweretsa ndalama abweretsanso mau ace.

Manda a Laura Ashley ali pa calichi ca ku Carno, m'mudzi womwewo umene makina ace anagwiramo nchito kwa zaka zoposa 40. Nkhani ya lero yathera pamenepa.