Mmene Intaneti Idalowera M'sukulu za ku America

M'chaka cha 1994 sukulu za boma 35 zokha mwa 100 zilizonse m'dziko la America ndizo zinali ndi intaneti. Kunena za zipinda zophunziriramo, zinali zitatu basi mwa 100.

Tsono pa 9 Malichi, 1996, anthu a ku California ngati 20,000 adadzipereka kukayala mawaya m'sukulu popanda malipiro. Naye Pulezidenti Bill Clinton ndi wachiwiri wake, a Al Gore, adakoka nawo mawayawo pasukulu ina ku Concord. Ntchito yodzithandiza yotereyi njotamandika ndithu, koma waya salipira wokha ndalama za mwezi ndi mwezi.

Mtolo umenewu udasenzedwa ndi lamulo la zamatelefoni limene a Clinton adasaina mu Febuluwale chaka chomwecho. Lamuloli lidabala E-Rate, njira yotsitsira mtengo wa intaneti kwa sukulu ndi malaibulale ndi 20 mpaka 90 pa 100, a m'madera osauka natsitsiridwa koposa. Ndalama zake zidachokera ku makampani a matelefoni, amene nawonso adazilipiritsa eni matelefoni, ena nang'ung'udza.

Pofika 2000, sukulu 98 mwa 100 zinali zitalumikizidwa, zipinda 77.