Lamulo la msilikali silithera pa geti

 

Mu kalabu yathu muno alipo ambiri, anyamata ndi atsikana omwe, amene mtima wawo uli ku usilikali. Ena mumadzuka mbandakucha kukathamanga, kudikira tsiku lomwe boma lidzalengeze kuti likulemba asilikali, kuti mwina mukapezeke ku MAFCO ku Salima. Ena mumafunsafunsa za gulu lankhondo la Britain, poti nalo limalembako achinyamata a m'maiko a Commonwealth. Ndiye lero ndati tikambirane funso limodzi looneka laling'ono. Msilikali akauzidwa kuti mawa masewera olimbitsa thupi sachitikira mu kampu, achitikira kunja, kaya ku phiri, ku bwalo la m'tauni kapena mu msewu, kodi ndi wokakamizidwa kupita? Nanga chikamuchitikira chinthu kumeneko, mlandu ndi wa ndani?

Zitsanzo zanga ndatenga ku America ndi ku Britain, chifukwa malamulo awo a usilikali analembedwa poyera ndipo aliyense atha kuwawerenga.

Tiyambe ndi ku America. Kumeneko masewerawa amangoti PT, ndipo m'makampu ambiri amayamba 6:30 m'mawa. Musawaone ngati zathu zija zoti ukadzuka ndi ulesi umangofundanso bulangete. PT ndi ntchito, chimodzimodzi kulondera pa geti. Asilikali a dzikolo ali ndi lamulo lawolawo lotchedwa Uniform Code of Military Justice, lomwe linakhazikitsidwa mu 1950. Gawo 86 la lamuloli limanena za msilikali amene walephera kufika pa malo amene wauzidwa, pa nthawi imene wauzidwa. Tamverani bwino pamenepo: malo amene wauzidwa. Silinena kuti malowo akhale mkati mwa mpanda ayi. Mkulu wa gulu akati mawa tikumana pansi pa phiri lakuti, phirilo ndiye malo ako a ntchito m'mawa umenewo. Ukapanda kufika, kapena ukafika mochedwa popanda chifukwa chomveka, walakwa. Palinso gawo 92, lokhudza kusamvera lamulo lovomerezeka.

Milandu ing'onoing'ono ngati imeneyi nthawi zambiri sifika ku khoti la asilikali. Gawo 15 limapatsa mkulu wa gulu mphamvu yopereka chilango yekha. Kaputeni atha kukudula malipiro a masiku 7, kukupatsa ntchito yoonjezera masiku 14, kukuletsa kutuluka masiku 14, ndipo ngati uli wa udindo wapansi atha kukutsitsanso. Zonsezi chifukwa cha tulo ta m'mawa umodzi basi.

Ku Britain nkhani ndi yomweyo. Lamulo lawo la Armed Forces Act la 2006, gawo 15, limati kulephera kufika pa ntchito imene wapatsidwa ndi mlandu, ndipo gawo 12 limanena za kusamvera lamulo lovomerezeka.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ngati ndikuona kuti lamulolo ndi lopanda nzeru? Kuusilikali lamulo la mkulu wako limatengedwa kuti ndi lovomerezeka malinga likukhudza ntchito ya usilikali, ndipo kulimbitsa thupi ndi ntchito ya usilikali, palibe angatsutse. Ukakana chifukwa choti sunasangalale nalo, wadziputira wekha. Njira yodandaulira ilipo: umayamba ndi sajeni wako, kenako akuluakulu, ndipo ku America kuli ofesi ya Inspector General yomwe imamva madandaulo. Koma kudandaula kwake si kojomba. Umapita kaye, dandaulo pambuyo. Wodwala kapena wovulala naye sangodzigamulira yekha kuti lero ndipume. Amakaonana ndi achipatala, iwo ndi amene amalemba chikalata chonena zimene angathe ndi zimene sangathe kuchita. Ndiye amene mukufuna yunifolomu, dziwiranitu zimenezi. Walira mvula walira matope.

Tsopano titembenuze nkhaniyi, chifukwa mbali inayi ndi imene ambiri sitiidziwa. Lamulo lomwelo limene limatulutsa msilikali pa geti limamanganso wolamulayo. Mu kampu zinthu zambiri zinakonzedwa kale: chipatala chili pafupi, madzi alipo, ndipo m'makampu ena a ku America misewu ina amaitseka nthawi ya PT kuti galimoto zisadutse. Kunja kulibe zimenezo. Choncho mkulu amene akutengera anthu ake kunja amayenera kuyamba wakhala pansi ndi kulemba zoopsa zimene zingachitike ndi mmene azipewere. Ku America ali ndi fomu yake, DD Form 2977. Njirayo ndi yotani? Kukhala kotentha bwanji? Madzi apezeka pati? Wina akakomoka, afika bwanji ku chipatala? Gulu likamathamanga mu msewu pamakhala asilikali ena ovala zonyezimira, kutsogolo ndi kumbuyo, oimitsa galimoto pa mphambano. Ngakhale mayendedwe ndi nkhani ya akuluakulu: malamulo a maulendo a boma kumeneko salola kukakamiza msilikali kugwiritsa ntchito galimoto yake pa ulendo wa ntchito. Ndipo amene wavulala pa PT yolamulidwa amatengedwa kuti wavulala ali pa ntchito, ngakhale zitachitikira kunja kwa mpanda.

Pa za kutentha ali ndi muyezo wophatikiza kutentha kwa mpweya, chinyezi ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo amaika mbendera za mitundu: yobiriwira, yachikasu, yofiira, mpaka yakuda. Mbendera ikamakwera, nthawi yogwira ntchito yolemetsa imachepa, yopuma imachuluka. Ikafika yakuda, mkulu wanzeru amasintha pulogalamu.

Mwina mukuti zonsezi ndi mapepala chabe. Imvani zimene zinachitika ku Wales pa 13 July 2013. Tsiku limenelo asilikali 78 anali pa mayeso ofuna kulowa gulu lapadera la SAS, m'mapiri a Brecon Beacons, cha ku phiri la Pen y Fan. Ulendo unali wa makilomita pafupifupi 26, aliyense atabereka chikwama choposa makilogalamu 20, mfuti kumanja, nthawi yomalizira ataikiridwa. Kunatentha kufika madigiri 27. Anthu atatu anamwalira chifukwa cha kutentha kwa thupi: Craig Roberts wa zaka 24 ndi Edward Maher wa zaka 31 anamwalira tsiku lomwelo, James Dunsby wa zaka 31 anamwalira ku chipatala pa 30 July. Enanso angapo anadwala.

Awa sanali aulesi, anzanga. Anali amuna olimba kuposa tonse tili muno, ndipo sanajombe. Anachita mbali yawo mpaka mapeto. Pa kafukufuku wa imfazi mu 2015, woweruza Louise Hunt anapeza kuti kunyalanyaza kunathandizira imfa zawo. Kuunika zoopsa sikunachitike mokwanira, madzi sanali okwanira m'malo ena, ndipo ngakhale asilikaliwo anali ndi timakina toonetsa pamene ali, panapita nthawi yaitali oyang'anira asanazindikire kuti ena asiya kuyenda. Buku la malangizo a za kutentha, JSP 539, linalipo kale, koma oyendetsa mayesowo sanaphunzitsidwe bwino za bukulo. Mu 2016 bungwe loona za chitetezo pa ntchito ku Britain linadzudzula unduna wa zachitetezo mwalamulo. Mu 2018 asilikali awiri amene ankayang'anira ulendowo anazengedwa mlandu ku khoti la asilikali koma anamasulidwa, chifukwa vuto linaoneka kuti linachokera pamwamba, pa kusowa kwa maphunziro.

Taganizirani, madigiri 27. Kwathu kuno limenelo timati tsiku labwinobwino. Mwezi wa October ku Salima kapena ku Mangochi kumaposa pamenepo kutalitali, ndipo ku Nsanje ndi Chikwawa nthawi zina kumadutsa 40. Chimapha munthu si dzuwa lokha. Thupi likamagwira ntchito yolemetsa limapanga kutentha kwakekwake, ndipo limadziziziritsa ndi thukuta. Ukavala zolemera, kunja kuli chinyezi, mphepo palibe, thukuta siliuma, kutentha kumangounjikana mkati. Kukadutsa madigiri 40 m'thupi, ubongo umayamba kusokonekera, impso ndi chiwindi zimaonongeka. Choopsa kwambiri ndi chakuti munthu amene ubongo wake wasokonekera sadziwa kuti akudwala. Ukamufunsa amati ndili bwino. N'chifukwa chake moyo wake umakhala m'manja mwa amene akumuyang'anira.

Ndiye mukuona kuti lamuloli lili ndi miyendo iwiri. Wamng'ono afike pa malo, pa nthawi, osawiringula. Wamkulu aonetsetse kuti onse amene anatuluka nawo pa geti abwerera. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Kalabu yathu si gulu lankhondo. Palibe angakudule malipiro, malipiro akewo ali kuti? Koma tikamathamanga Loweruka m'mawa, ife tonse timakhala kunja kwa geti, chifukwa kampu tilibe. Msewu timagawana ndi maminibasi, akabaza ndi malole. Ndiye ndili ndi zopempha zingapo.

Kwa mamembala: tikapangana 5 koloko, ikhale 5 koloko. Mukachedwa ndi ola limodzi, simunangotayitsa anzanu nthawi, mwawakankhira pa dzuwa. Ngati simubwera, nenani usiku pa gulu la WhatsApp. Ngati munadwala malungo kapena kutsegula m'mimba sabata imeneyo, kapena munamwa mowa dzulo lake, nenani, musachite manyazi, chifukwa thupi lotero silichedwa kugonja pa kutentha. Amene mukulota za usilikali, kusunga nthawi muyambire pano. Sajeni sadzamva zoti minibasi inachedwa kudzadza.

Kwa atsogoleri: tiziwerengana ponyamuka, tiziwerengananso pofika. Njira idziwike dzulo lake, ndipo tidziwe chipatala chapafupi ndi njirayo. Kumbuyo kuzikhala munthu wamphamvu amene ntchito yake ndi kusasiya wina aliyense, osati othamanga kwambiri onse kutsogolo, ofooka n'kumatsalira okha. Tizithamanga kumanja kwa msewu kuti galimoto tiziziona zikubwera, ndipo kukadali mdima wakutsogolo ndi wakumbuyo avale zowala. Pakhale foni imodzi yokhala ndi mayunitsi, botolo la madzi aliyense lake, ndi kandalama kapadera ka thiransipoti. Miyezi yotentha tichepetse mtunda. Atsopano tisawayese ndi mtunda wa akale, thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kugwira ntchito pa kutentha.

Ndipo tonse tidziwe zizindikiro. Mnzanu akayamba kudzandira ngati woledzera, kuyankhula zosamveka, kukwiya popanda chifukwa, kusanza kapena kukomoka, musamuseke, musamukakamize kuti amalize. Muikeni pa mthunzi, muvuleni zolemera, muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, wina akuitana galimoto. Kuziziritsa kuyambe pomwepo, osadikira kufika ku chipatala. Ngati sakudziwa kanthu musamumwetse madzi, angatsamwe.

Pomaliza, inu amene mudzavale yunifolomu, tsiku lina mudzakhala kopolo kapena sajeni, ndipo ana a eni adzaima pa mzere kudikira mawu anu. Iwo lamulo lidzawakakamiza kukutsatirani kulikonse. Inuyo musadzatulutse munthu pa geti musanadziwe mmene mumubwezere.

A Tcheyamani, ndikupempha kuti tisanabalalike tisankhe anthu awiri, wowerenga anthu ndi wotsalira kumbuyo, ayambe ntchito Loweruka likubwerali.