Luso likatopa: mawu kwa achinyamata a mabizinesi ang'onoang'ono ku Govanhill

Zikomo kuti mwasiya makina osokera, mauvuni ndi makamera n'kubwera kudzakhala nafe. Ena mwa inu Chichewa mumachimva koma mumayankha m'Chingerezi. Musadandaule, tiyankhula pang'onopang'ono.

Nkhani yathu ndi ya kutopa. Sitikunena kutopa kumene kumatha munthu akagona tulo tabwino usiku umodzi. Tikunena kuja kumene telala amayang'ana chitenje chokongola koma m'mutu osabwera sitayilo ina iliyonse. Kuja kumene wophika makeke foni ikalira mtima umalumpha ndi mantha m'malo mosangalala kuti kwabwera kasitomala. Azungu amati burnout. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linafotokoza kuti vutoli limabwera chifukwa chopanikizika pa ntchito kwa nthawi yaitali, ndipo linatchula zizindikiro 3: mphamvu kutheratu, kuipidwa ndi ntchito yako, komanso kuona kuti zimene ukuchita sizikutuluka bwino ngati kale.

Ambiri a ife tinakula tikuona makolo athu akugwira mashifiti awiri, usiku m'nyumba zosamalira okalamba, masana kwina, kuti lendi ilipidwe ndiponso kuti fizi ya msuweni ku Zomba kapena ku Mzuzu itumizidwe. Kwa iwo tinaphunzira kulimbikira, ndipo timawanyadira. Koma tinatengerakonso mantha akuti kupuma ndi ulesi. Ukauza amayi kuti watopa m'maganizo, angakufunse kuti, "Watopa ndi chiyani, mwana iwe? Wagwira khasu?" Ndipo ngati makolo ankafuna kuti ukhale namwino kapena loya, iwe n'kusankha zosokasoka, umachita manyazi kudandaula. Umangoti zii, n'kumapitiriza.

Pomwepo tiwonjezerepo mmene bizinesi ya munthu mmodzi imayendera m'dziko muno. Wolembedwa ntchito masiku 5 pa sabata ali ndi masiku 28 a tchuthi cholipidwa pa chaka, ndipo akadwala pali ndalama imene lamulo limati alandire kwa abwana ake. Wodzilemba yekha ntchito alibe zonsezi. Ndiwe wosoka, ndiwe wogulitsa, ndiwe wowerengera ndalama, ndiwenso wojambula mavidiyo a pa Instagram, amene safuna kuti uphonye ngakhale masiku awiri. Mu Disembala maoda amachuluka pamene kuno ku Glasgow dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo. Ukangopuma pang'ono, 31 Januwale wafika, a HMRC akudikira za msonkho.

Yankho la funso la amayi lija lili m'munda momwemo. Funsani agogo anu kumudzi. Munda ukaulima chimanga chaka ndi chaka, nthaka imaguga, zokolola n'kuyamba kuchepa ngakhale mlimi alimbikire bwanji. Mlimi wanzeru sanyoza nthakayo kuti ndi yaulesi. Amachita kasinthasintha, n'kubzalamo mtedza kapena nandolo zimene zimabwezeretsa chonde, kapena amaugoneka mundawo kuti ukhale tsala kwa kanthawi. Mutu wa munthu waluso ndi chimodzimodzi. Kupuma ndi mbali ya ntchito, ndipo kuyenera kulowa pa mtengo wa katundu ndi pa kalendala, monga mmene ulusi ndi magetsi zimalowera.

Tiyambe ndi mtengo. Tiyerekeze kuti diresi lakutengerani maola 10, mwalipiritsa £80, ndipo nsalu, zipi ndi ulusi zadya £25. Mwatsala ndi £55, kutanthauza £5.50 pa ola. Kuyambira mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a wantchito wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali £12.21 pa ola. Ndiye kuti mwadzilipira ndalama yosafika ngakhale theka la imene lamulo likanakakamiza bwana wina aliyense kukupatsani. Mtengo ukatsika chonchi mumayenera kulandira maoda awiri pamene panafunika imodzi, ndipo tulo ndi timene timalipira kusiyanako. Apa pali nkhani yovuta ya mtengo wa pachibale. Azakhali a kutchalitchi akabwera Lachinayi kufuna diresi la ukwati wa Loweruka pa theka la mtengo, pali njira yokanira mwaulemu: "Pepani azakhali, sabata ino ndadzaza. Mukadzandiuza kukadali masabata atatu, ndidzakusokerani bwino." Ulemu mwapereka, thanzi lanu mwasunga.

Chachiwiri ndi tsiku la tsala. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, mulilembe pa tsamba lanu kuti makasitomala alidziwe, ndipo tsikulo mauthenga a bizinesi asayankhidwe. Tulukani kukadali kowala, mukwere kaphiri ka mu Queen's Park muone mzinda wonse. A zaumoyo kuno ku Scotland amalangiza kumwa vitamini D wa mamaikirogalamu 10 pa tsiku kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo kwa ife a khungu lakuda amati chaka chonse.

Chachitatu ndi nandolo wanu: kanthu kamene mumapanga kopanda woitanitsa, kosagulitsa, kosaika pa intaneti. Wophika makeke aphike zitumbuwa za agogo ake n'kudya ndi a m'nyumba mwake. Wojambula maukwati ajambule mashopu a zipatso a mu Allison Street chifukwa chongowakonda. Luso limene lililonse la zipatso zake limapita kumsika limaiwala chimene linayambira.

Chachinayi, mutu umodzi susenza denga. Kumudzi kuli dima, pamene anthu amalima munda wa mmodzi lero, mawa wa mnzake. Govanhill nayenso amaidziwa nzeru imeneyi. Mu 2001, khonsolo itaganiza zotseka Govanhill Baths mu Calder Street, anthu a dera lino anakhala m'nyumbayo pafupifupi miyezi 5 pokana kuti itsekedwe. Munthu mmodzi sakanatha. Anatha chifukwa anali ambiri ndipo ankalandizana. Ifenso atelala awiri angapatsirane maoda wina akadzaza. Anthu atatu angabwereke tebulo limodzi pamsika n'kumasinthana Loweruka. Za mitengo ndi mabuku a ndalama, a Business Gateway amapereka uphungu kwaulere.

Pomaliza, kutopa kwina kumapitirira pamenepa. Ngati kwa masabata angapo tulo sitikubwera, chakudya sichikukoma, ndipo palibe chimene chikukusangalatsani ngakhale kunja kwa ntchito, kaonaneni ndi dokotala wanu wa GP. Mungathenso kuimbira Breathing Space, kapena Samaritans pa 116 123 nthawi ina iliyonse, usana ndi usiku, kwaulere. Kutero si kuchititsa banja manyazi.

Makolo athu anagwira ntchito usiku kuti ife tidzakhale ndi mwayi wosankha. Tisautaye mwayiwo podzipanikiza mpaka kudana ndi ntchito imene tinasankha tokha. Tisanabalalike, aliyense auze amene wakhala naye pafupi tsiku limene wasankha kuti likhale la tsala, ndipo sabata yamawa mufunsane ngati mwalisunga.