Timibulu Tosunga Mankhwala m'Thupi

Aliyense amene anadwazikapo munthu wa chifuwa chachikulu amadziŵa kuti kulandira mankhwala ndi chiyambi chabe cha ulendo. Mapiritsi amayenera kumwedwa tsiku lililonse kwa miyezi 6, pakuti thupi limataya mankhwala msanga. Wodwala akatopa n'kusiyira panjira, tizirombo timapeza mpata wozoloŵera mankhwalawo, ndipo nthendayo imavuta kuchiza.

Akatswiri akhala akufunafuna njira yoti mankhwala azikhalitsa m'thupi. M'chaka cha 1976, Robert Langer ndi Judah Folkman a ku Boston anaonetsa kuti pulasitiki wokhala ndi timaboo angathe kusunga mankhwala n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, monga momwe mtsuko wadothi umachuchira madzi. Lero pali timibulu ta pulasitiki wotchedwa PLGA, tochepetsetsa koti mazana angapo titandandalikidwa pamodzi tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mankhwala akamatuluka, timibuluto timasungunuka m'thupi osasiya zotsalira zovulaza.

M'chaka cha 2003, ofufuza a ku Chandigarh m'dziko la India anayesa njirayi pa mbeŵa zodwala chifuwa chachikulu. Zolandira timibulu kamodzi pa masiku 10 alionse zinachira zitamwa kasanu, pamene zolandira mankhwala a nthaŵi zonse zinafunika kumwa ka 46.

Komabe mbeŵa si munthu, ndipo njirayi sinafike m'zipatala zochiza nthendayi. Kufikira tsiku limenelo, wodwala ayenera kumaliza mapiritsi ake onse, ndipo womudwazika asatope kumukumbutsa.