Mapepala a msonkho musamakulungire mandasi



Lero tikambe za mapepala aja timangowaponya pansi pa bedi: ziphaso za pamsika, kalata ya TPIN ya ku MRA ndi satifiketi ya withholding tax. Ambirife timawaona ngati chikumbutso chabe cha ndalama zomwe zatipita. Koma akatswiri owerengera chuma akafuna kudziwa ngati munthu ali pabwino kapena akumira m'ngongole, amayambira pa mapepala omwewa. Mutu umaiwala, risiti siyiiwala.

Ndiye tizitani? Pakatha miyezi itatu iliyonse, khalani pansi ndi kope, tsamba mulidule pawiri. Kumanzere lembani zomwe muli nazo: katundu wa pabenchi, makina osokera, mbuzi, masheya a ku banki m'khonde, ndalama za mu Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kumanja lembani ngongole zonse, ya ku banki m'khonde, ya katapila, ndi ya alamu anu ija yomwe.

Kenako tulutsani mapepala aja. Ziphaso zomwe amakudulirani a khonsolo zikuuzani masiku omwe munakhaladi pamsika, ndiye mudziwa ngati geniyo ikubweza thukuta lanu. Ngati munagulitsako nyemba kapena chimanga kubungwe, iwo n'kukudulani withholding tax, itanitsani satifiketi. Imaonetsa ndalama zomwe munagulitsira ndi zomwe zinapita ku MRA m'dzina lanu. Ndalama imeneyo sinatayike, amaichotsera pa msonkho womwe muyenera kulipira. Mukatero yerekezani zomwe zikulowa ndi zomwe mukubweza sabata iliyonse. Mukaona kuti ngongole yayamba kudya mpamba wa geni, chonde musakatenge ina yobwezera yoyambayo.

Tsopano funso lowawa: pamapepalawo pali dzina la ndani? Wodzuka m'mamawa kukapikula tomato ndinu, wopsa ndi dzuwa m'mbali mwa M1 ndinu, koma TPIN ndi akaunti zili m'dzina la abambo akunyumba. Banja likatha, kapena maliro akagwa achibale n'kubwera ndi ngolo, mudzaonetsa chiyani? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Koma kukhoti amafuna umboni, ndipo pepala lokhala ndi dzina lanu limakuyankhulirani tsiku lomwe misozi yakutsekani pakhosi.

Kulembetsa TPIN ku MRA n'kwaulere, tengani chitupa chanu cha unzika. Ndipo amabanki akamaunika wopempha ngongole ya bizinesi, amafuna kuona mapepala, osati nkhope.

Ntchito ya sabata ino nayi: pezani envulopu imodzi, sonkhanitsani mapepala onse, muwajambule pafoni kuopa mvula ndi chiswe. Tikakumananso aliyense abwere ndi kope lake, tidzawerengere limodzi. Amene zowerengera zimamuvuta asachite manyazi, tithandizana.