Madzi a ku Bwanje amayambira kumapiri



Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Madzi ake amachokera mu mtsinje wa Namikokwe. Koma chilimwe chikafika mtsinjewu umaphwa, ndipo minda yambiri inkagona osalimidwa. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 2010 bungwe la European Union linathandiza kumanga damu.

Tsono damu lili ndi mdani, ndiye matope. Kafukufuku wa bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya dothi lokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pachaka. Amenewa ndi matumba 580 a makilogalamu 50! Kuno kwathu dothilo limatsika kumapiri a Dedza, komwe mitengo yatha ndi makala, n'kudzakwirira ngalande zathu. Matope akadzaza damu, madzi asungidwa pati?

Njira zoteteza nthaka tikuzidziwa: akalozera, mizere yopingasa phiri, ngonyeka, udzu wa vetiva, manyowa, ndi kusalima m'mbali mwa mitsinje. Koma mlimi wa mpunga kunsi kuno sangapambane ngati mnzake wakumtunda akulima motsetsereka. Makalabu athu akambirane ndi midzi ya kumtunda.

Kwa boma ndi akatswiri a kafukufuku a ku Chitedze, Lifuwu ndi Bunda, tili ndi zopempha zitatu.

Choyamba, dzayezeni dothi la minda yathu. Makande a kudambo ndi mchenga wa kunyanja sizifuna feteleza wofanana, koma tonse timathira mwachimbulimbuli, ndalama n'kumapita pachabe.

Chachiwiri, muziyeza madzi ndi matope olowa m'damu chaka chilichonse, kuti komiti yogawa madzi idziwe mahekitala omwe ingathirire chilimwe, alimi asanafese nazale.

Chachitatu, zotsatira zake zibwere kuno m'Chichewa, ziwerengedwe pamsonkhano ngati uno. Zisakathere m'makabati ku Lilongwe.

Anzanga, mutu umodzi susenza denga. Kalabu iliyonse ilembe zopemphazi, mamembala asayine, tikazitule kwa alangizi ndi ku ofesi ya zaulimi ku Dedza mvula isanagwe.