Makauboyi, ng'ombe ndi chingwe: wogamula mlandu ndani?

Loweruka lapitali titatha kuonera mafilimu akale a makauboyi, mlangizi wa kalabu yathu analankhula mawu ali m'munsiwa. Ambiri mwapempha kuti tiwaike pano kuti amene simunabwere muwerenge. Tawalemba momwe anawalankhulira.

Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse achinyamata. Filimu ili mkati ndimakuonani, ena mumaseka zipewa zija, ena mumadandaula kuti ndewu yake njochedwa, si ngati za masiku ano. Palibe kanthu. Ine ndinakula nazo zimenezi, ndiye mundilole ndiyambe ndi komwe zinachokera, kenako tibwerere kuno ku Chinsapo, chifukwa nkhani yeniyeni ili konkuno.

Wailesi ya kanema ya boma kuno ku Malawi inayamba mu 1999, dzulodzuloli. Koma makauboyi tinawadziwa kale. Agogo athu amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya kopa ku Zambia, ku Salisbury komwe lero ndi Harare, ndi ku Joni, ankawaonera pa bayisikopo ya m'makomboni. Ku Copperbelt kauboyi wamkulu wa filimu iliyonse ankangomutchula kuti Jack, kaya dzina lake lenileni ndi ndani. Ife tinawapeza m'mavidiyo sho, pa benchi lothina, jenereta ikulira kuseri, wina akumasulira mokuwa ngakhale Chingerezi chake chinali cha Sitandade 5.

Imene taonera koyambirira ija ndi Bonanza. Inayenda pa kanema ku America kuyambira 1959 mpaka 1973. Nkhani yake ndi ya Ben Cartwright, bambo wamasiye, ndi ana ake aamuna atatu, Adam, Hoss ndi Little Joe, aliyense mayi wake, pa famu yaikulu ya ng'ombe yotchedwa Ponderosa kufupi ndi Virginia City ku Nevada. Ina yotchuka ndi Gunsmoke, yomwe inatha zaka 20, kuyambira 1955 mpaka 1975, ya mkulu wa chitetezo Matt Dillon mu tauni ya Dodge City. Ndiye pali Rawhide, momwe Clint Eastwood anatchukira ali mnyamata, ya anthu okusa ng'ombe ulendo wa miyezi.

Musanyengedwe ndi nyimbo ndi mahatchi okongola. Ukauboyi weniweni unali ganyu wa ubusa. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, anyamata ankalembedwa ntchito yokusa ng'ombe zikwizikwi kuchokera ku Texas kupita ku masiteshoni a sitima ku Kansas, miyezi iwiri kapena itatu ali m'fumbi, kugona panja, malipiro ake pafupifupi dola imodzi pa tsiku. Pakati pawo panalinso anthu akuda ndi a ku Mexico ochuluka ndithu, ngakhale kanema amakonda kuonetsa azungu okhaokha. Ndipo malo aakulu aja amene a Cartwright amawatcha awo, eni ake oyamba anali Amwenye a ku America, amene anathamangitsidwa. Zimenezo filimu imangozilambalala.

Ng'ombe zinkadya msipu pa dambo lopanda mpanda, za anthu osiyanasiyana zitasakanikirana. Mwini ankazizindikira ndi chidindo chowotcha pachikopa. Ndiye wakuba akasintha chidindo, kapena akatenga thole lisanadindidwe, umboni unkavuta. Khoti lili kutali, woweruza amabwera mwa apo ndi apo, munthu mtima ukuwawa. Apa mpamene panabadwira chingwe ndi mtengo. Wina wa kwa Malili kapena wa kufupi ndi Dzalanyama, amene anadzukapo m'mawa n'kupeza khola lili pululu, sangavutike kumvetsa mtima umenewo. Ng'ombe kwathu kuno ndi banki, ndi fizi ya mwana, ndi ngolo, ndi feteleza. Wakuba ng'ombe waba zaka khumi za thukuta la munthu.

Koma taonani chinthu chimodzi chimene ana a m'vidiyo sho sitinkachiona, poti maso athu anali pa mfuti. M'magawo ambiri a Gunsmoke ndi Bonanza, ntchito yovuta ya ngwazi si kuwombera chigawenga ayi. Ntchito yovuta ndi kuima pa khomo la ndende, kumbuyo kuli woganiziridwa akunjenjemera, kutsogolo kuli khamu la anthu a m'tauni momwemo, anzake omwa nawo, atanyamula miuni ndi chingwe. Iye yekha n'kunena kuti munthuyu akaonekera pamaso pa woweruza, simumutenga. Nthawi zina iyenso amakhulupirira kuti munthuyo ndi wolakwa. Amamutetezabe.

Pali filimu ina ya mu 1943, The Ox-Bow Incident, muli Henry Fonda. Mbiri ikufika m'tauni yoti mlimi wina wa ng'ombe waphedwa ndipo ng'ombe zake zabedwa. Amuna akwera mahatchi usiku, apeza alendo atatu atagona, ali ndi ng'ombe za chidindo cha mlimi uja. Mmodzi akuti ndagula, koma chikalata alibe. Akupempha kuti mudikire, mukafunse kaye. Avota, anthu 7 okha ndi amene akukana zopachika. M'bandakucha atatu aja apachikidwa. Pobwerera akumana ndi mkulu wa apolisi, amene akuwauza kuti mlimi uja sanafe, ali moyo, ndipo amene anamuwombera agwidwa kale. Filimu imathera m'bala, amuna onse ali duu, palibe woyang'ana mnzake kumaso.

Mwina mukuti imeneyo ndi filimu chabe. Imvani yoona. Mu July 1889 ku Wyoming, eni mafamu akuluakulu anapachika mayi wina, Ella Watson, pamodzi ndi James Averell, ponena kuti amaba ng'ombe. Olemba mbiri atafufuza anapeza kuti awiriwa anali ndi malo okhala ndi madzi amene mwini famu woyandikana nawo ankawafuna. Palibe ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa pa imfa zimenezi. Mwamva? Wofuula kuti wakuba nthawi zina ali ndi chake chimene akufuna. Khamu limangogwiritsidwa ntchito ngati khasu.

Chinanso, kuwomberana kwa tsiku ndi tsiku kumene mumaona kuja n'kokokomeza. Katswiri wa mbiri Robert Dykstra anawerenga imfa za m'matauni asanu a ng'ombe ku Kansas kuyambira 1870 mpaka 1885, n'kupeza anthu 45 ophedwa m'zaka zonsezo. Dodge City yeniyeniyo inali ndi lamulo loletsa kuyenda ndi mfuti m'tauni. Anthu a kumeneko anatopa ndi magazi msanga kuposa opanga mafilimu.

Tsopano tibwere kwathu. Ife chingwe sitigwiritsa ntchito kwenikweni. Ife ndi miyala, zibonga, tayala ndi petulo. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha agogo anayi a banja limodzi powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana. Mu March chaka chomwecho ku Nsanje anthu 7 anatenthedwa powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu. Zinafika poti ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inadandaula poyera. Mu 2017 inabwera mphekesera ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, anthu anaphedwa, ena chifukwa chongokhala alendo pamalo. Mpaka lero palibe anaonetsa dontho limodzi la magazi opopedwa.

Ndikuuzeni yanga, imene sindiikonda kuinena. Zaka zingapo zapitazo, m'mawa kusanache bwino, tinamva mfuu, wakuba, wakuba! Tinatuluka tonse, ena opanda malaya. Tinapeza mnyamata wamsinkhu ngati wanuwu ali pansi, njinga ili pambali. Bambo wina akuti njinga ndi yanga, yasowa usiku. Mnyamata akuti ndinagula pa msika, ndikupita kukapikula makala. Lisiti lili kuti? Alibe. Ndani wa inu ali ndi lisiti la njinga kapena foni imene anagula kwa munthu? Anamumenya. Ine sindinaponye mwala, koma sindinatsegulenso pakamwa. Ndinaima manja ali m'thumba, mumtima ndikuti mwina wabadi. Amene anamupulumutsa ndi mayi wina wogulitsa mandasi, amene anamugwera pamwamba n'kumakuwa kuti muphe ine kaye. Anthu anachita manyazi, ena anayamba kubwerera m'mbuyo, mpaka anamutengera ku polisi. Madzulo a tsiku lomwelo njinga ya bambo aja inabwera yokha, mlamu wawo anaitenga usiku osatsanzika. Njinga ziwiri zofanana, basi. Mnyamata uja diso limodzi silionanso mpaka lero. Ndimakumana naye pa msewu wa ku Likuni, amandipatsa moni mwaulemu, sadziwa kuti ndinalipo. Ine ndimadziwa.

Pa tsiku limenelo Matt Dillon wa Chinsapo anali mayi wa mandasi, wopanda mfuti, wopanda chipewa. Ine, bambo wamkulu woonera makauboyi zaka zonsezi, ndinali m'gulu la ogwira chingwe.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. A mdala, inu simunaberedwe. Ndinaberedwapo, kawiri. Ndikudziwanso kuti pano pali a kabaza amene amanyamula kasitomala usiku mtima uli m'mwamba, poti anzawo ena anavulazidwa kapena kuphedwa chifukwa cha njinga yamoto. Ndipo dandaulo lanu ndimalimva: timagwira wakuba lero, mawa tikumuona akuyenda pa msika akutiseka. Kupsa mtima kumeneko si kwa uchitsiru. Pamene apolisi achedwa, pamene mlandu ukungosinthidwa masiku, pamene pali mphekesera ya ziphuphu, anthu amataya chikhulupiriro. Zimenezo tiyenera kuzinena mokweza kwa akuluakulu.

Koma mvetsani kaye za kutuluka mawa kuja. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Belo si kumasulidwa, mlandu umakhala ulipobe. Ndipo belo ya ku polisi ndi yaulere, wina akakuuzani kuti mulipire, dziwani kuti akukuberani. Chimene chimapha milandu yambiri ndi ife tomwe. Tsiku la khoti likafika, amene tinali patsogolo ndi zibonga sitipita kukaperekera umboni, tikuti tili ndi geni. Woweruza agamula bwanji popanda mboni? Mphamvu yomenya tili nayo, koma yokwera minibasi kupita ku khoti tilibe.

Lamulo limalola munthu wamba kugwira amene wamupeza akupalamula mlandu waukulu, koma limati umupereke ku polisi mosachedwa. Kugwira, osati kugamula. Ukamumenya n'kufa, mlandu wako ndi wakupha, ndipo ku Maula sakafunsa kuti unaponya mwala woyamba kapena wachisanu. Kunena munthu kuti ndi mfiti nakonso ndi mlandu pansi pa lamulo la mu 1911 lomwe likugwirabe ntchito. Ndipo inu a mafoni, amene mumajambula munthu akupsa n'kutumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook, vidiyo imeneyo ili ndi nkhope za anzanu, ndipo mayi ake a munthuyo adzaiona.

Za kubwezera nazo, mafilimu aja amatiphunzitsa bwino tikamaonera ndi maso awiri. Mnyamata amalumbira kuti apha amene anapha bambo ake. Akamupha, m'bale wa wophedwayo nayenso amalumbira. Ben Cartwright nthawi zambiri amalimbana ndi ana ake omwe, makamaka Little Joe wa mtima wapachala, kuwagwira dzanja kuti dikirani lamulo. Kuno timaziona pa mpira, pa nkhani za zibwenzi, pakati pa magulu a anyamata a mbali ino ndi mbali iyo. Wamenyedwa mmodzi Lachisanu, Lamlungu agonekedwa atatu ku Central. Akuluakulu anati mlandu suola. Chimene chimaola ndi mtembo wa munthu amene mwamupha molakwika, ndipo ameneyo simungamudzutse kuti mupepese.

Ndiye pempho langa kwa kalabu ino ndi laling'ono. Aliyense asunge m'foni nambala ya apolisi a m'dera lathu ndi ya wapampando wa chitetezo cha m'mudzi, lero lomwe, tisanabalalike. Mukamva mfuu ya wakuba, thamangani ndithu, koma mukafika funsani mafunso atatu: waba chiyani, mwini wake ndani, anamuona ndani? Mafunso amaziziritsa khamu. Musaime nokha, itanani anzanu awiri atatu, itanani amfumu, abusa kapena shehe, mayi aliyense wolemekezeka amene ali pafupi, mumuzungulire munthuyo. Mu filimu ija anthu 7 anakana zopachika, koma analephera kuwapulumutsa atatu aja. Mukagula foni kapena njinga kwa munthu, lemberanani kapepala pamaso pa mboni. Ndipo mnzathu akaberedwa, tiyeni timuperekeze ku polisi ndi ku khoti mpaka mlandu uthe, ngakhale zitatenga miyezi. Amene alibe ndalama ya loya, kuli a Legal Aid Bureau, ntchito yawo ndi imeneyo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambiri a inu mumaweruka usiku, mumayenda ndi zikwama, mumadutsa m'madera momwe sakudziwani. Tsiku lina wina adzaloza inu chala. Tsiku limenelo mudzafuna kuti pakhale munthu mmodzi wofunsa kuti anamuona ndani.

A tcheyamani andiuza kuti Loweruka likudzali tidzaonera The Ox-Bow Incident yonse. Mubwere ndi anzanu, makamaka aja othamanga kwambiri kukamveka mfuu. Magetsi akazima tidzasonkha ya petulo wa jenereta.